Pitsa Imene Inaziziritsa Mandimba

Ndamva kuti ena mwa inu, makamaka amene mumakhala kumbuyo tikakumana kutchalitchi Lachinayi, mumatsinana pansi pa nsalu zanu za kapulana ndikangotchula za pitsa. Tsinanani. Ine sindikweza mawu, sindinakwezepo chibadwire, ngakhale ku Massangulo kumene ndinaphunzira mpaka kalasi la khumi asisiteri ankachita kuwerama kuti amve yankho langa. Koma amene akuti ndimanama abwere kwathu kuseri kwa msika, adzaone nkhwangwa ya bambo a Telezinya, imene mpaka lero ili ndi mano ngati sowo, ndipo adzandiuze kuti ndi mtengo wanji wa mu Niassa muno umene ungachite zimenezo pa chitsulo. Ndine mkazi woyamba kupanga pitsa ya mufiriji kuyambira ku Etatara mpaka kumalire. Sindinaipange kuti nditchuke. Ndinaipanga chifukwa mwana wanga anangotsala pang'ono kutaya mwamuna.

Mwana wangayo, Telezinya, anakondana ndi Saide, wa kunyanja ya Amaramba, wochokera m'banja la Chisilamu logulitsa nsomba. Ife ndife Akatolika, koma zimenezo sizinavute, Mandimba ndi yodzaza ndi mabanja otere. Chimene chinavuta ndi amalume ake a Saide, a Che Yusufu, amene ndiwo anali ndi mawu omaliza. Bambo ameneyu anakhala zaka zambiri ku Joni, kumene ankalongedza katundu m'mafiriji a sitolo yaikulu, ndipo chibwerereni nkhani yawo inali imodzi yokha: pitsa. Maliro, pitsa. Mvula ikachedwa, pitsa. Tsiku limene Telezinya anakaonekera kwawo, iwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati anthu olima fodya amangodziwa nkhwani. Mwana wanga, amene anatengera pakamwa pa bambo ake osati panga, anayankha kuti kwathu pitsa timadya Lamulungu lililonse.

"Yeniyeni? Ya m'kaisha, m'kabokosi kake komata, youma ndi chisanu, yoti ukagogoda imayankha?" anafunsa a Che Yusufu. "Chifukwa kupaka tomato pa buledi aliyense angathe."

"Yomweyo," anatero Telezinya.

"Ndiye tikubwera Loweruka tidzadye. Za ukwati tidzakambira pomwepo. Mkazi wonama pa chakudya adzanamanso pa mwana."

Lachiwiri anabwera kunyumba maso ali ofiira, nandiuza zonse atagwada pafupi ndi firiji imene ndimaumitsira majelinyu ogulitsa pa sukulu, aja a madzi a malambe ndi shuga. Ine pitsa ndinali nditangoiona pa televizawo. Sindinamukalipire. Ndinamupatsa jelinyu mmodzi kuti aike m'maso.

Lachitatu kunafika dengu la makumba owamba kuchokera kwa mayi ake a Saide, Abiti Mussa, monga amachitira anthu akunyanja: amatsogoza nsomba kuti olandira alendo asavutike ndi ndiwo. Nditafukula ndinapeza kuti zikuluzikulu aziika pansi, zing'onozing'ono pamwamba, kuti anthu a m'njira asati akudzionetsera. Ndinasunga zimenezo mumtima.

Lachinayi m'mamawa ndinakwera shapa, minibasi yathu ija, kupita ku Cuamba, chifukwa ndinamva kuti kuli loja, sitolo ina imene imagulitsa zinthuzi. Unali Okutobala, dzuwa lija loti ukaponya dovu pansi limauma lisanafike. Pothamangira shapa ndinaiwala magalasi pa tebulo. Kumbukirani magalasi amenewo.

Mu lojamo mayi wogulitsa anatsegula firiji yaitali ngati bokosi la maliro, natulutsa kaisha yafulati yokhala ndi chithunzi cha anthu oyera akuseka. Ndinamufunsa chapansipansi ngati imadyedwa ndi ndiwo kapena payokha. Sanaseke. Anayang'ana kumbali ngati akukonza shelefu, nandiuza kuti nayenso poyamba anafunsa chimodzimodzi, kenako anandikulungira m'manyuzipepala ndi m'chiguduli kuti isasungunuke m'njira. Isasungunuke. Mayi ameneyo sankadziwa chimene wandigulitsa.

Tsopano mverani. Nditangokhala pansi mu shapa, pitsa ili pamiyendo, anthu makumi awiri mphambu asanu ndi awiri amene ankatuluka thukuta ngati mvula anayamba kukokerana nsalu, kobradoro, wotolera ndalama uja, amene anali atavula malaya anapempha jekete kwa mphunzitsi wina, mayi amene ankayamwitsa anapeza kuti mwana akunyambita m'malo moyamwa chifukwa mkaka ukutuluka ngati jelinyu, ndipo mbuzi zinayi zimene zinamangidwa pa denga, pomva chisanu chikudutsa malata, zinamera ubweya pompo, moti pofika pakati pa njira mwini wake anatsika kukayang'ana napeza nkhosa, nayamba kukangana ndi woyendetsa kuti wamusinthira ziweto. Mukumva? Nkhosa zinayi, zamichira yonona. Ine ndinachita manyazi kunena kuti ndine ndachititsa.

Tisanafike pa mlatho wina, tayala lakumbuyo linaphulika, ndipo lapadera linali litaphulika kale dzana. Anthu anayamba kutsika kufuna mthunzi. Ine ndinaganiza za Loweruka, ndinaganiza za maso a mwana wanga, ndipo ndinakweza chala monga ndinkachitira m'kalasi. Tinaitulutsa pitsa ija m'kaisha, ili m'pulasitiki mwake, woyendetsa anayesa kuiboola pakati ndi msomali, msomali unapindika, anayesa ndi chitsulo chotsegulira matayala, chinapindika, pamapeto pake tinangoimangirira pamalo pa tayala ndi lamba wa mphunzitsi uja ndi mpango wanga, ndipo shapa inayenda pa pitsa imeneyo mtunda wonse wotsala, pa phula lotentha, itanyamula anthu, matumba a nyemba, njinga ziwiri ndi nkhosa zija, ndipo kumbuyo kwathu msewu unkatsala woyera mbuu ndi chisanu, moti okwera njinga amene ankatitsatira ankaterereka kugwera m'minda ya chinangwa. Titafika ndinaipukuta ndi mpango. Inalibe ngakhale kachipsera. Woyendetsa anandipempha kuti ndimugulitse. Ndinakana mwaulemu.

Madzulo a tsiku limenelo Mandimba yense anaphimbidwa ndi nkhungu, anthu akumalire anatulutsa mabulangete poganiza kuti Juni wabwerera, ndipo alimi a ku Ngauma anayamba kukolola chimanga chimene anali asanabzale. Funsani aliyense wa msinkhu wanga.

Kunyumba ndinavala magalasi kuti ndiwerenge kaphikidwe kake, chifukwa Chipwitikizi ndimachiwerenga bwinobwino. Pansi pa kaisha, m'timalemba tating'ono ngati mazira a nsabwe, panali mawu oti muli nyama ya nkhumba. Ndinawerenga katatu. Ndinakhala pansi pa simenti. Asilamu akubwera Loweruka kudzapempha mwana wanga, ine ndayenda tsiku lonse kukawagulira nkhumba.

Bambo a Telezinya anati vuto laling'ono, angodula mbali imene ili ndi nyamayo. Anatenga nkhwangwa, anatema kamodzi, kunatuluka moto, kachiwiri, nkhwangwa inalira ngati belu la misa ndipo anthu atatu anabwera atavala za kutchalitchi, kachitatu mano a sowo aja anabadwa. Ndinawauza mofatsa kuti ngakhale akanadula, chimene chakhudzana ndi nkhumba sindingawapatse alendo athu. Anandiyang'ana nati, "Ndiye tiwauze zoona."

"Tikawauza zoona, mwana wanu ndi wabodza."

"Nanga si ndi wabodzadi."

"Anatengera kwanu," ndinatero, ndipo anapita kukanola nkhwangwa.

Apa ndipo ndinayang'anitsitsa chinthucho kudzera m'pulasitiki, ndipo ndinachizindikira. Chinali chimkate chija chafulati chimene asisiteri ena okalamba a ku Italiya ankatiphikira ku mishoni tsiku lotsekera sukulu, ife n'kumachitcha buledi wopondedwa. Ufa, tomato, anyezi, keju imene ena amati tchizi. Palibe china. Anthu angochiumitsa ndi kuchiika m'kaisha ya zithunzi, basi chasanduka cha ku Joni.

Lachisanu ndinapita kwa a Jowakimu a padariya, ophika buledi oyandikana nafe, kukapempha isiti. Anandipatsa osafunsa kanthu, nati uvuni wawo ukhala wotentha mpaka masana ndipo iwo ali ndi ulendo wa kumsika, ngakhale ndikudziwa kuti analibe ulendo uliwonse, anangofuna kuti ndilephere popanda mboni. Keju m'Mandimba munalibe. Ndinasiya phala pamoto, ndinakwera njinga ya bambo, ndinapalasa kukwera mapiri onse a ku Ngauma mpaka ku Massangulo, ndinadutsa malole atatu ndi njinga yamoto ya achipatala, matayala anga akutulutsa utsi, nkhuku za m'njira zikutsala zosoka nthenga ndi mphepo yanga, ndinapeza asisiteri amene amayang'anira ng'ombe, anandikumbukira kuti ndine uja wa mawu aang'ono, anandikulungira keju m'tsamba la nthochi, ndipo pobwerera ndinapeza phala lija likungoyamba kubwadamuka. Mukumva? Linali lisanapse.

Ndinakanda ufa. Isiti ya a Jowakimu ndi yaukali, ndipo ine posadziwa muyezo ndinathira yonse. Ndinaphimba ndi nsalu, ndinatuluka kukadula tomato, pobwera chitseko chinakana kutseguka, mtanda unali utadzaza khitchini, ukutulukira pa windo, utanyamula denga mpaka malata akulekana ndi khoma, mphaka ali pamwamba pake akulira pafupi ndi mawaya a magetsi. Tinaubaya ndi mpeni womangirira ku nsungwi. Mpweya umene unatuluka unakankha sitima ya pamtunda imene inaima pa Entre Lagos kuyembekeza mapepala, n'kuilowetsa m'Malawi popanda chidindo.

Pa mtanda wotsalawo ndinadulapo wokwanira kaisha, ndinaufulatitsa ndi botolo, ndinapaka tomato wokazinga, anyezi, keju. Pa malo a nkhumba ndinaganiza za dengu la Abiti Mussa. Ndinasankha makumba a pansi aja, ndinachotsa minga imodziimodzi, ndinayala minofu pamwamba, khungu likuyang'ana kumwamba chifukwa linali lokongola ngati mkuwa. Ndinaipsetsa pang'ono mu uvuni wa padariya, ndinaitulutsa, ndinaiika mufiriji pakati pa majelinyu. Nthawi yomweyo magetsi anazima, monga amachitira akamva kuti munthu ali pa chintchito. Sindinadandaule. Ndinatenga pitsa ya ku Cuamba ija n'kuisanjika kunja, pamwamba pa chivindikiro cha firiji, ndipo chisanu chake chinadutsa chitsulo n'kuumitsa zonse za m'kati, mpaka majelinyu a tsiku limenelo ana a sukulu anawayamwa mpaka mayeso a kumapeto kwa chaka.

Loweruka m'mawa ndinaikulunga yangayo m'pulasitiki watsopano, n'kuilowetsa m'kaisha ija, n'kumata ndi phala. Ndinaganiza za chilichonse. Ndinatsuka mbale ndi phulusa kawiri, ndinabwereka mpeni umene sunakhudzepo nyama, ndinachotsa ngakhale chithunzi cha nkhumba pa kalendala ya alangizi a zaulimi. Chimodzi chokha sindinachiganize: kuti malemba aja akadali pa kaisha.

Alendo anafika dzuwa lili pamutu. Abiti Mussa ndi mayi wamfupi, wa manja akuda ndi utsi, ndipo polowa anavula nsapato ngakhale ndinawaletsa. A Che Yusufu analowa ndi jekete yachikopa ya ku Joni, m'dzuwa limenelo. Saide anakhala pakona, nkhope kukhoma, chifukwa mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Titapatsana moni, ndinatsegula firiji pamaso pawo, utsi woyera unatuluka, ndinatulutsa kaisha ndi manja awiri n'kugwada. A Che Yusufu anaitsegula, anagogoda ndi chala. Inayankha. Anagwedeza mutu.

"Iyi ndiyo," anatero. "Ukaona chisanu m'mbali umu, udziwe kuti yayenda pa ndege."

Ndinaiphika monga timaphikira chigumu, m'sufuliya yaikulu, makala pansi, makala pa chivindikiro. Fungo lake linaimitsa msika. Nditadula n'kukweza chidutswa choyamba, keju inatamuka, ndinabwerera m'mbuyo, inatamukabe, ndinatuluka panja, ndinazungulira mtengo wa mango, inatamukabe, mayi wina wodutsa anayanikapo zovala, ndipo akuti mbali ina inakafika pa malire, asilikali n'kuigwiritsa ntchito ngati chingwe choimitsira magalimoto.

Ndinabwerera m'nyumba, ndinaika mbale patsogolo pa alendo. Apa ndipo ndinaona Saide atanyamula kaisha yopanda kanthu ija, akuiwerenga pofuna pobisa maso. Anafika pa mawu aja a nkhumba. Kundilankhula sakanatha, mwambo sulola, kukhala chete sakanathanso. Anakwawa ndi mawondo mpaka kwa amalume ake, nawaloza ndi chala pa malemba aja, nanong'ona.

A Che Yusufu anabweza dzanja limene linali litatsala pang'ono kugwira chakudya. Anaimirira, nayamba kufunafuna nsapato ndi phazi.

"Mayi," anatero, osakweza mawu, chimene chinali choopsa kuposa kukuwa, "ife tabwera ndi ulemu. Inu mwatiikira nkhumba."

Telezinya anali pa chitseko ndi beseni la madzi osamba m'manja. Taganizani malo amene ndinali. Ndikati ndapanga ndekha, ndiye kuti si ya m'kaisha, mwana wanga ndi wabodza, ukwati watha. Ndikakhala chete, ndiye kuti ndapatsa Asilamu nkhumba, ukwati watha, ndipo dzina langa latha nawo kuyambira kuno mpaka kunyanja. Ine amene ndinapalasa njinga mpaka ku Massangulo phala lisanapse, pakamwa panga panauma gwa ngati pitsa ya ku Cuamba.

Abiti Mussa sanaimirire. Anakokera mbale pafupi, anawerama, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Achimwene, khalani pansi."

"Wawerenga mwana wako yemwe," anatero a Che Yusufu.

"Iye wawerenga kaisha. Ine ndikuwerenga nsomba. Onani apa." Analoza pa khungu la kumba. "Mizere itatu kumanzere, umodzi wopingasa. Ndani amacheka choncho pa Amaramba ponse kuti nsomba zake zisasokonezeke pa chiwambo? Iyi ndinawamba ndine Lolemba, ndi nkhuni za mango zimene inu munakana kundiwazira."

A Che Yusufu anawerama, phazi limodzi lili mu nsapato. Anayang'ana. Ananunkhiza.

"Ndiye kuti si ya m'kaisha," anatero.

"Yatuluka kuti? Simunatsegule nokha? Simunagogode nokha, n'kutiuza kuti yayenda pa ndege?" Abiti Mussa anatenga chidutswa, anatchula dzina la Mulungu, analuma. Anatafuna pang'onopang'ono, kenako anatembenukira kwa ine. "Asewere, ya nkhumbayo ili kuti?"

Aka kanali koyamba kunditchula choncho. Mawu anga anabwerera, aang'ono monga mwa masiku onse. Ndinati ili panja, tatsekera khola la nkhuku, sinalowe m'mbale iliyonse ya m'nyumba muno.

"Mwamva, achimwene? Zaka zonse zija ku Joni, alipo amene anakuchotserani nkhumba n'kukuikirani makumba a mlongo wanu? Vulani nsapatoyo, mukudetsa mkeka wa eni ake."

A Che Yusufu anavula. Anadya chidutswa chimodzi ngati akumwa mankhwala, chachiwiri ngati munthu, chachitatu anachilanda m'manja mwa bambo a Telezinya. Atasamba m'manja anayang'ana mwana wanga nati, "Lamulungu lililonse, unatero?" Telezinya anayang'ana pansi. Iwo anati, "Chabwino. Ndizibwera Lamulungu lililonse kudzaona ngati ndi zoona." Ndipo anatchula mwezi wa ukwati.

Kuyambira pamenepo mukudziwa nokha. Mbiri inayenda ndi a shapa, ndi a sitima, ndi ogulitsa nsomba, anthu anayamba kubwera kuchokera ku Etatara, ku Cuamba komwe ndinakagula yoyamba ija, ena kuwoloka malire ndi njinga, onse kufuna pitsa ya makumba, koma tamverani mmene munthu alili: ndikawapatsa yotentha, yongotuluka kumene pamoto, ankakana, ati imeneyo ndi buledi wamba. Ankafuna youma, yoti agogode, yotuluka m'kaisha. Kaisha ndinali nayo imodzi yokha ija, nditadulapo pa malemba ndi lezala, ndiye aliyense ndinkamutulutsira m'menemo pamaso pake, iye n'kugogoda, n'kugwedeza mutu, ine n'kumukulungira m'nyuzipepala, kaisha n'kubwerera mufiriji kudikira wina. Anthu oyera a pa chithunzi paja anatumikira mpaka nkhope zawo zinafufutika, kunangotsala mano.

Tsopano, popeza mawa ndi tsiku lolapa ndipo ndikuona amayi a kumbuyoko mwasiya kutsinana, ndinene pang'ono. Pitsa ya Loweruka lija inali yaing'ono ngati mbale ya ndiwo. Pansi inapserera mpaka kuda bii, pakati inali yozizirabe, ndipo keju sinatamuke, inangokhala phee ngati sopo. Chidutswa chopserera kwambiri ndi chimene Abiti Mussa anasankha, anachigwira mbali yakudayo ikuyang'ana m'chikhatho kuti mchimwene wawo asaione, ndipo anachitafuna mpaka kumeza akumwetulira, ine ndikumva makala akulira m'mano mwawo. Sananenepo za zimenezo mpaka lero, ngakhale tsopano timalera limodzi mdzukulu, ndipo dengu likabwera zikuluzikulu zimakhalabe pansi. Nkhwangwa nayo, kunena zoona, inakumana ndi mwala wa pakhomo bambo ataphonya.

Koma za mbuzi zija sindibweza. Zinakwera zili mbuzi, zinatsika zili nkhosa, ndipo amene akutsutsa andiuze kuti anakhala mpando uti mu shapa imeneyo, chifukwa ine sindinamuone.